Mapaipi Anga Anatsikira ku Kalomo

Paipi inaphulika m'mawa wina wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Livingstone limawotcha munthu ngakhale ali pamthunzi. Ine ndinali kutsogolo ndikupinda matawulo. Ndinangomva kuti phuu! ngati tayala la lole, kenaka kukuwa kwa ba Mubita.

Ndili ndi malo ochapira zovala ku Dambwa North. Timachapa mashiti, matawulo ndi nsalu za patebulo za maloji ang'onoang'ono a m'tauni muno, ndipo ntchito yonse imadalira boila imodzi yakale imene ndinaigulira pamodzi ndi malowo. Ba Mubita, bambo wofatsa wa ku Mongu, ndiwo amaisamala. Tsiku limenelo nthunzi inawapsereza mkono kuchokera pachigongono mpaka paphewa. Nditawasiya kuchipatala ndinapeza madzi ali ponseponse, mashiti a eni ake ali mulu, atsikana ogwira ntchito ataima panja ngati pamaliro.

Mkulu woyendera maboila anati tisayatsenso moto mpaka mapaipi onse a nthunzi atasinthidwa. Sindinatsutse. Ndinaitana ba Sitali a ku Libuyu, amene anagwira ntchito ya mapaipi kunjanji mpaka kupuma. Anamasula zofunda zimene zinakulunga paipiyo, nadula kachidutswa pafupi ndi pamene panang'ambika, n'kundiika m'manja.

"Onani nyama yake, amake Dalitso. Yopyapyala monga chitini. Iyi ni paipi yopangila geti, osati ya sitimu."

"Nanga si ilingana na iyi?" ndinafunsa, ndikuloza paipi yotuluka m'boila, imene inabwera nayo kuchokera kufakitale.

"Kunja ilingana. Paipi ya inchi na hafu, kunja zonse ni chimodzimodzi. Kusiyana kuli mukati."

Anandikhazika pandowa n'kundilongosolera pang'onopang'ono. Pali nambala imene amaitcha shedulo. Nambalayo ikakwera, khoma la paipi limachindikala, bowo la m'kati limachepa, paipi imalemera, koma kunja sikusintha. Pa saizi yathuyi, shedulo fote khoma lake silikwana mamilimita anayi, pamene eyite imafika asanu. Imene inaphulikayo sinafike ngakhale pa fote. Iwo anafuna eyite, chifukwa posema mizere yopotera kumapeto kwa paipi khomalo limadyeka, ndiponso madzi otentha amalikukuta m'kati zaka zikamapita.

"Ikhale yakuda, yopanda msoko, yolembedwa eyite pathupi pake," anatero. "Osamvela pakamwa pa wogulitsa. Gwadani kumapeto, muone nyama."

Tinazungulira masitolo a m'tauni mpaka mapazi kutupa. Kunali mapaipi a madzi okhaokha, onyezimira aja a mzere wabuluu. Wina anati akhoza kuitanitsa, koma tsiku sangalonjeze. Madzulo ake mayi woyang'anira loji ina anaimba kufunsa za mashiti ake. Alendo anali atadzaza, ndipo ochapa ena anali atayamba kale kumuzungulira. Ba Sitali anayenera kutsala kuti agwetse mapaipi akale. Choncho wopita ku Lusaka ndinali ine, munthu amene mpaka sabata imeneyo ndinkayesa kuti paipi ndi paipi basi.

Ndinakwera basi ya m'mamawa, kachidutswa kaja kali m'chikwama. Tisananyamuke mlaliki anakwera n'kutipempherera nthawi yaitali, ine maso ali pa dalaivala amene ankamwa tiyi wake mosafulumira. Pambali panga panakhala mayi wa pamsika wa Maramba, wopita ndi nsomba zouma ku Lusaka. Tisanafike ndi pa Senkobo pomwe anali atandiuza za mwamuna wake, za matenda ake a shuga ndi za mpongozi wake waulesi. Ataona ndikutembenuza chitsulo m'manja, anadukiza nkhani.

"Ni mankhwala?"

"Ni paipi."

"Muyenda ku Lusaka chifukwa cha paipi? Ku Maramba kulibe?"

"Yamene nifuna kulibe."

Anakatenga, nakasuzumira ndi diso limodzi, n'kundibwezera. "Bantu muli na mavuto," anatero, n'kutsamira pazenera kugona.

Ine tulo ayi. Ndinkasintha mwendo, kutsegula foni, kuitseka, kuitsegulanso. Pa Choma basi inaima kuti anthu adye, ine ndinaimbira mkazi wa ba Mubita. Anati m'mawa umenewo anamwino anasintha mabandeji, ndipo bamboyo analira ngati mwana. Nkhuku imene ndinagula ndinaipereka kwa mayi wa nsomba uja. Pa Monze tinadikira mnyamata wa jekete amene anatsika kukagula chipisi n'kusowa. Basi yonse inakuwa kuti asiyidwe, ine ndikukuwa kuposa onse, ndipo atatulukira akutafuna sanapepese n'komwe. Ku Mazabuka tinakwawa kumbuyo kwa thirakitala ya nzimbe. Pofika pa Kafue ndinali nditawerenga zikwangwani zonse za m'njira ngati kuti pali mayeso.

Ndinagona kwa mng'ono wanga ku Chilenje, m'mawa n'kulowera kumafakitale. Kumeneko ndi fumbi, malole ndi alonda ofunsa kuti mukufuna ndani. Pamalo oyamba anandiseka pang'ono, n'kundionetsa mapaipi a madzi omwe aja. Pachiwiri mnyamata wa lilime lotsekemera ananditengera kuseri kumene kunali mulu wa mapaipi akuda.

"Iyi ni hevi dyute, madamu. Yamene mufuna ni yamene iyi."

Ndinagwada m'fumbi ndi diresi langa la kutchalitchi, n'kusuzumira kumapeto. Khoma linali lochindikalako kuposa la kachidutswa kanga, koma nditalowetsa chala ndinakhudza kamzere kotalika m'kati. Msoko. Pathupi pake panalibe cholembedwa chilichonse.

"Eyite ili kuti?"

"Inafutika na mvula, madamu."

Mvula mu Okutobala. Ndinasasa fumbi m'mawondo n'kutuluka.

Dzuwa litapendeka ndinafika pamalo ena ogulitsa zitsulo kumigodi. Mtsikana wa ovololo anamva zimene ndinkafuna osafunsa kawiri. Anagubuduza paipi imodzi ndi phazi mpaka zilembo zoyera zinaonekera, 80 ali pakati pake, kenaka anapana khoma ndi kachipangizo koyezera n'kundionetsa. Nditayika kachidutswa kanga pambali, kusiyana kwake kunandichititsa nthumanzi. Ba Mubita anakhala akudutsa tsiku ndi tsiku pansi pa chinthu chopyapyala chotere! Ndinagula mapaipi asanu aatali ndi ina yaifupi yokwaniritsira. Anawamanga mtolo umodzi ndi waya.

Apo m'pamene vuto lina linatulukira. Paipi ya mamita asanu ndi limodzi siikwera basi. Mtsikana uja anandilozera lole ina imene inkabwerera ku Livingstone ndi chakudya cha nkhuku. Dalaivala wake, ba Hamoonga, munthu wamfupi wa chipewa cha nsalu, anati tinyamuka manje manje. Manje manje wakeyo anafika m'mawa wa tsiku lotsatira.

Pa lolepo panalinso mtolo wina waukulu wa mapaipi akuda, ndipo kutsogolo kunakhala mwini wake, ba Mweemba, mkulu wa imvi woweta ng'ombe kufupi ndi Kalomo. Ankafuna kumanga kampanda kopanikizira ng'ombe pozipopera mankhwala a nkhupakupa. Mapaipi awo kunja anali ofanana ndi anga ndendende, koma anali opyapyala. Tinapanikizana atatu, ine pakati, bondo langa likugundana ndi giya.

Pasikelo ya malole ku Kafue mzere unali wautali moti ba Hamoonga anazimitsa injini n'kuvula nsapato. Ine ndinkatsika, kuzungulira lole, kukweranso. Ba Mweemba anandiyang'ana mpaka anafunsa.

"Mayi, muli na maliro?"

Ndinawafotokozera za boila, za mkono wa ba Mubita ndi za mashiti. Anamvetsera akugwedeza mutu, n'kundiuza kuti iwonso nkhupakupa zawaphera ng'ombe zingapo chaka chino, ndipo Loweruka anansi onse abwera ndi zawo kudzapopera pakampanda katsopanoko. Kenaka anatseka maso. Sindinaonepo munthu wodikira mosatekeseka ngati mkulu ameneyu, ndipo zinkandikwiyitsa.

Mapiri a Munali tinawakwera ngati nkhono, injini ikubuula. Titapitirira Mazabuka, chakufupi ndi Magoye, ndinamvanso phokoso lija, phuu! Ndinakuwa n'kugwira ba Mweemba pamkono ndisanazindikire kuti ulendo uno ndi tayala lenileni. Lakumbuyo linali litang'ambika.

Panalibe mthunzi, kupatula wa lole yomweyo. Ba Hamoonga anatulutsa jeke ndi sipanala, koma manati anakana kutembenuka. Anaponda sipanala, kulumphirapo, kuthira mafuta, osatheka.

"Pafunika paipi yowonjezela mphamvu," anatero, akuyang'ana pamwamba pa katundu.

Ba Mweemba anati atenge imodzi mwa mapaipi awo aafupi. Anamasula mtolo wawo, kusolola paipi, kuiveka pasipanala, n'kuilendewera onse awiri. Paipi inagonja pang'onopang'ono mpaka inapindika ngati uta, koma nati ija ili pomwepo. Onse anatembenukira kwa ine.

"Awe," ndinatero. "Yanga ni ya sitimu. Mukaipinda nizachita bwanji?"

"Ndiye tizagona pano, madamu," anayankha ba Hamoonga, n'kukhala pansi.

Ndinayenda uku ndi uku m'mbali mwa msewu, malole a ku Kazungula akundipemerera mphepo yotentha. Ndinaimbira ba Sitali. Anaseka, nati eyite siipindika ndi amuna awiri, ndiwapatse yaifupi ija. Paipi yanga yaifupi inali pakati pa mtolo, choncho anadula waya, mapaipi anga n'kugubuduka kusakanikirana ndi a ba Mweemba. Nthawi imeneyo sindinalabadire. Maso anga anali pa nati, imene inalira kuti gwee! n'kumasuka. Ba Hamoonga anayesa paipiyo m'manja, kuinyamula ndi kuitsitsa.

"Iyi ni paipi yamwamuna," anatero.

"Ni ya mukazi," ndinayankha. "Bwezani."

Tayala losinthira linali ndi mpweya wochepa, moti tinafika pa Monze tikuyenda ngati ngolo. Okonza matayala analibe magetsi. Tinadikira, magetsi osabwera, mpaka zinaonekeratu kuti tigona pomwepo. Ndinapeza kachipinda pa nyumba ina ya alendo, ndipo m'mawa ndinali woyamba kufika pa lole. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Pa Choma tinatsitsa matumba a chakudya cha nkhuku kwa munthu amene anapita ndi makiyi a sitolo kumaliro, ndiye tinadikiranso.

Ba Mweemba anatsikira pamphambano ina titangopitirira Kalomo, pamene panali mtengo wa mkuyu ndi kamsewu ka mchenga kolowera kuthengo. Ngolo ya ng'ombe inali ikuwadikira. Lole ikungoima, foni yanga inalira. Anali mayi wa loji uja, koma mawu ankadukaduka. Ndinathamangira pachulu china chapatali kufuna netiweki. Anandiuza kuti wadikira mokwanira, mashiti ake wawapereka kwina. Ndinamuchonderera, kumukumbutsa zaka zimene tagwira limodzi, kulonjeza Lolemba, kulonjeza Lamlungu. Anati pepani. Pamene ndinkatsika pachulupo, ngolo inali itapita kale ndipo ba Hamoonga anali akuliza hutala.

Pa Zimba injini inatentha, ba Hamoonga n'kuima kuti athire madzi. Poti kukhala pansi kunkandikanika, ndinatsika n'kuzungulira kumbuyo kumene mapaipi anatulukira, kansalu kofiira kakulendewera. Ndinawawerenga: asanu, ndi yaifupi ija. Ndinali pafupi kubwerera pamene mawu a ba Sitali anandibwerera m'mutu. Ndinawerama n'kusuzumira kumapeto.

Awiri anali ndi milomo yochindikala. Atatu anali opyapyala ngati chitini.

"Ba Hamoonga! Mapaipi yanga yatsika ku Kalomo!"

Anabwera akupukuta manja. "Ni faifi, madamu. Nawelenga neka."

"Ni faifi, koma yatatu si yanga. Onani nyama."

Anasuzumira, n'kukanda m'mutu pansi pa chipewa. Anati ndi akudaakuda onse, ndani akanadziwa. Ndinamupempha kuti tibwerere. Anati bwana wake waimba kale kangapo, mafuta ndi owerengeka, ndipo akatembenuza loleyi ntchito yatha. Anandipatsa nambala ya ba Mweemba. Ndinaimba, foni inali yozima. Kenaka anatsitsa mawu.

"Koma madamu, mukaika chabe aya? Mukakulunga na zofunda, ndani azaona?"

Ndinaona mkono wa ba Mubita mmene unalili m'galimoto popita kuchipatala, khungu likusendeka. Ndinaimbira ba Sitali kuti akachingamire lole n'kutsitsa zonse, ndinatenga chikwama changa, n'kuwoloka msewu.

Chimene chinkandiwotcha mumtima chinali chakuti ba Mweemba anati wowotcherera zitsulo akuwadikira kunyumba. Mapaipi anga akanatha kuduladulidwa tsiku lomwelo kukhala mizati ya ng'ombe. Magalimoto ankadutsa osaima. Ina inaima, koma inkathera pafupi. Potsiriza kagalimoto kodzaza anthu ndi matumba a chimanga kananditenga, ndinakhala theka pampando theka pamwendo wa mayi wina, maso ali kumanzere kufunafuna mkuyu uja. Nditauona ndinamenya denga ndi chikhatho.

Pamphambano panalibe munthu. Kamsewu ka mchenga kanagawikana patsogolo pang'ono, kenaka n'kugawikananso. Ndinaima pamenepo, thukuta likutsika m'miyendo, osadziwa kolowera. Ndiye ndinaona pansi. Mapaipi anali aatali kuposa ngolo, choncho nsonga zake zinkakhukhuluzika kumbuyo, n'kusiya mizere mumchenga pakati pa mapazi a ng'ombe. Ndinavula nsapato za kutauni, koma mchenga unandiwotcha, ndinazivalanso, n'kutsata mizereyo.

Sindikudziwa kuti ndinayenda mtunda wotani. Ndinadutsa minda youma, dambo lopanda madzi, sukulu ya makalasi awiri. Madzi a m'botolo anatha. Paliponse pamene mizere inazimirira pa nthaka yolimba ndinkazungulirazungulira mpaka ndiipezenso kutsogolo. Mayi wina wa njinga, atanyamula chigubu cha mkaka, anaima n'kundilonjera m'Chitonga. Nditatchula ba Mweemba analoza kumitengo ina, nati ndimvera ng'ombe. Chimene ndinayamba kumva sichinali ng'ombe ayi. Anali sowo akulira pachitsulo.

Ndinathamanga, mayi wa msinkhu wanga, chikwama chikundimenya m'nthiti.

"Lekani! Lekani kudula!"

Pansi pa mtengo panali bambo wovula malaya, atapondera paipi pachitsa. Pambali pake panali timipeni ta sowo tothyoka. Ba Mweemba anakhala pampando wawo, manja ali pa ndodo. Atandiona anaimirira pang'onopang'ono.

"Mayi wa boila! Mwagwa mu lole?"

Mpweya unali utandithera. Ndinangoloza. Paipi imodzi yanga inali itadulidwa kale kamzati kamodzi, ndipo sowo anali atayamba kulowa pachiwiri. Ena awiri anali athunthu pamulu. Wowotcherera uja anaponya sowo pansi.

"Ndiye chifukwa chake!" anatero. "Nauza aba bakulu kuti iyi paipi ili na mfiti. Zinzake nidula monga nzimbe, iyi yanithyolela mipeni yonse."

Zinapezeka kuti anayambira pa yolemera dala, kuti ikhale mizati ya pachipata. Kuchindikala kwake n'kumene kunamuchedwetsa. Akanakhala ndi makina odulira a magetsi, ndikanapeza tizidutswa tokhatokha.

Mkazi wa ba Mweemba anandikhazika pamphasa n'kundipatsa chibwantu, thobwa lawo la kumeneko, m'kapu yaikulu. Ndinamwa osapuma. Ba Mweemba anagubuduza mapaipi anga ndi ndodo mpaka zilembo zoyera zinaonekera.

"Ine n'nayesa Mulungu wanidalitsa," anatero. "N'nagula yopepuka, nafika nayo yolema." Kenaka anasiya kuseka. "Manje yanga yatatu yali kuti?"

"Yapita ku Livingstone."

"Na Loweluka bantu babwela na ng'ombe."

Mkuluyu sankandidziwa. Tinangokhala limodzi mu lole masiku awiri, ndipo tsopano ndinkamupempha kuti andipatse mapaipi atatu, iye atsale ndi mpanda wosatha, pongokhulupirira mawu anga. Ndinalonjeza kuti ake ndiwatumiza m'mawa. Anayang'ana ng'ombe zake m'khola, nayang'ana wowotcherera. Mkazi wake ndiye anayankhula, mawu ochepa m'Chitonga, akutola kapu.

Ba Mweemba anapumira m'mwamba. "Akuti kuli muntu anapsa. Ng'ombe zingalindile." Anakodola anyamata ake. "Mangani ngolo."

Kamzati kodulidwa kaja ndinawasiyira, poti kwa ine kanalibenso ntchito. Ndinabwerera kumsewu nditakhala pamwamba pa mapaipi anga, ng'ombe zikuyenda mwa kufuna kwake, ine ndikuzikankha ndi mtima. Pamkuyu paja ananditsitsa n'kubwerera. Ndinatsala ndekha ndi zitsulo zitatu zimene sindikanatha kunyamula ngakhale chimodzi.

Kudikira kwa pamenepo ndiye kunali kowawa kuposa konse. Malole akuluakulu ankadutsa ngati sakundiona. Ena ankachepetsa liwiro, kuona kutalika kwa katundu, n'kupitirira. Ndinakhala pa mapaipi, anali otentha. Ndinaimirira, miyendo inawawa. Ndinayamba kuwerenga magalimoto, n'kusiya, n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya, n'kusiyanso. Dzuwa litayamba kufiira, kalole ka kabichi kopita kumsika wa Maramba kanaima chifukwa dalaivala anafuna kutaya madzi. Sindinamupatse mpata wokana. Tinamangirira mapaipi pamwamba pa kabichi, nsonga zitatulukira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo nsalu yofiira inali mpango wanga wa kumutu.

Tinalowa mu Livingstone kutada kale. Ba Sitali anali pageti. Sanandilonjere n'komwe, anayamba wagwada kumapeto kwa mapaipi. Ataona yodulidwa ija anandiyang'ana.

"Iyi yachita bwanji?"

"Ni nkhani itali, ba Sitali. Izakwana?"

Anayeza ndi tepi, nayang'ana kudenga, nati tisendeza makina ositira kufupi ndi boila, zikwana.

M'mawa mwake, ndisanachite china chilichonse, ndinapita kukasaka lole yopita ku Choma n'kukweza mapaipi atatu a ba Mweemba. Ndinamuuza dalaivala za mkuyu uja mpaka anatopa nane. Mapaipiwo anafika Lachisanu, ndipo Loweruka ng'ombe zinapoperedwa. Kwathu ba Sitali anamaliza ntchito, mkulu woyendera maboila anabwera, nayesa, n'kutilola kuyatsa moto. Loji ija sinabwererenso, koma ena anatidikira. Ba Mubita anabwerera mvula itayamba, mkono uli ndi zipsera, ndipo anayendera mzere wonse wa mapaipi ndi maso asanagwire chilichonse.

Chakumapeto kwa chaka foni inalira ndili pakati posita. Anali ba Mweemba, akukuwa ngati ali kutsidya la mtsinje. Anati akwera pachulu kuti andipeze.

"Mayi wa boila! Nkhunzi yanga yapinda mapaipi yabili dzulo. Yagona pansi monga udzu. Kamene kaimilila ni kamzati kanu chabe."

Ndinaseka mpaka atsikana anasiya ntchito kundiyang'ana.

"Paja ija nambala munati chani?"

"Eyite, ba Mweemba. Shedulo eyite."

"Eyite!" anabwereza mokweza, kuti wina wapansi pa chulu amve. "Nanga yopitilila apo iliko? Iyi nkhunzi ni yovuta."

"Iliko," ndinatero. "Koma ku Lusaka muyende mweka."